Anawakumbira Manda Ali Moyo

"Mungonena kuti munalakwitsa bedi, basi. Mawu ake ndi omwewo. Akukulemerani pati?"

Mirriam anayankhula ataima pakhomo, tsache lili m'manja ngakhale panalibe chimene amasesa. Mwamuna wake, Oscar, anali atakhala pachigubu pakhonde, atawerama pa foni, chala chikungoyendayenda pagalasi.

"Ine sindinalakwitse kanthu, mayi a Rachel. Chimene ndinaona ndinachiona."

"Munaona chiyani? Munavundukula bulangete?"

"Ndivundukule nkhope ya apongozi anga, ine mkamwini? Mwambo wa kuti umenewo?"

"Ehe, lero mwaudziwa mwambo. Nanga kujambula munthu wofunditsidwa n'kumuponya pa gulupu, n'kulemba kuti 'a Luciano atisiya', umenewo ndiye mwambo wa kwanu? Ine mwana wawo ndili pomwepo, kuseri kwa chipatala, ndikuwaphikira phala. Miyendo inakupwetekani kuti mudzandifunse?"

"Foni yanu inali yozima."

"Inali yozima foni. Ine sindinali wozima."

Nkhani yake inali yoti ukaimva koyamba umayamba waseka, kenako n'kuona kuti palibe choseketsa. A Luciano, bambo ake a Mirriam, anagonekedwa kuchipatala ku Mua akudwala chibayo. Atayamba kupezako bwino anawasamutsira m'chipinda china, ndipo pabedi lawo lija anagonekapo mkulu wina amene anatsirizika masana omwewo. Oscar anafika ndi kathumba ka ufa, anasuzumira m'wodi, n'kuona munthu wofunditsidwa mpaka kumutu pabedi la apongozi ake. Sanafunse namwino, sanafunefune mkazi wake. Anatulutsa foni, anajambula, anaponya pa gulupu ya WhatsApp ya mudzi, imene adimini wake anali iye mwini, n'kukwera kabaza kubwerera kumudzi kuti akakhale woyamba kulira.

Pasiwa anathirako mchere. Anauza anthu kuti anagwira mapazi a malemuwo ndi dzanja lake, ndipo anali ozizira kale. Kutentha kwa Novembala kuchigwa kuno sikulola mtembo kudikira, choncho adzukulu analawirira kumanda. Masamba anaikidwa pamsewu, amayi a mumphakati anayamba nyimbo. Amene anapita ndi galimoto kukatenga mtembo anakapeza a Luciano ali tsonga, akumwa phala. Pamenepo dzenje linali litafika kale m'khosi. Ndipo poti manda okumba sawasiya yasa, adzukulu anadula thunthu la nthochi, analikulunga mumkeka n'kulikwirira. A Luciano anatuluka m'chipatala n'kupeza kuti kumudzi anawalira kale, anawaika kale.

"Anthu akuti bambo anafadi n'kudzuka," anapitiriza Mirriam. "Dzulo kumjigo nditangotula ndowa, amayi onse anasuntha zawo. Rachel kusukulu anzake akumuthawa, akuti ndi mdzukulu wa mzukwa. Nanga inu akakufunsani pa gulupu mukuyankha kuti chiyani? Ndamva. Mukuti, 'Zimene ndinaona ndi maso angawa akudziwa ndi Mulungu.' Mukusonkhezera moto, bambo a Rachel, moto wake uli pakhomo panu pomwe."

Oscar anaika foni pabondo.

"Mukufuna anthu andione bwanji? Pa gulupu imene ija pali anthu a ku Joni, a ku Lilongwe, aphunzitsi, a komiti ya kusikimu ya mpunga. Ngozi ikachitika pamsewu wa Golomoti amamvera kwa ine. Madzi akatsegulidwa ku Bwanje amamvera kwa ine. Ndikanena lero kuti za mapazi zija ndinangopeka, mawa adzandikhulupirira ndani?"

"Ndiye bambo akhale mzukwa kuti inu mukhale wailesi?"

"Zizizira zokha izi. Anthu amaiwala."

Anadzuka, anapukuta fumbi kumbuyo kwa buluku, n'kulowera kumsewu kumene netiweki imagwira bwino. Mirriam anatsala yekha pakhomo. Anaponya tsache pansi, analitolanso, kenako anadutsa bwalo kupita kwa bambo ake.

A Luciano anali pansi pa mtengo wawo wa mango, akuluka mkeka wa mlaza. Matenda anawatapa thupi, malaya amangolendewera. Mango anali mbwee pansi, ena ataphulika, ntchentche zikuchita phwando. Chaka chilichonse nyengo ngati ino mtengo umenewu unkasokosa ndi ana, a Luciano akuwathamangitsa ndi ndodo mwamasewera. Chaka chino panalibe ndi mmodzi yemwe wogenda.

"Mwayambanso kukangana," anatero mkuluyo osakweza mutu. "Umusiye mwamuna wako, mwanawe. Manyazi amugwira pakhosi."

"Manyazi ake akutidyetsa ife dothi, bambo."

"Ine ndazolowera. M'mawa uno wadutsa mwana wa a Jabulani pa njinga. Ndamupatsa moni. Iye m'malo moyankha wayang'ana pansi, kufuna kuona ngati ndili ndi chithunzithunzi." Anaseka pang'ono, kuseka kwake kunathera m'chifuwa. "Ndinachita kuima padzuwa kuti achione bwino."

Mirriam sanaseke. Anakhala pamuzu wa mtengo, n'kudzukanso. Masiku amenewa thupi lake silimafuna kukhazikika pamodzi.

"Bwanji mukakhaleko kaye kwanu ku Bembeke, mpaka mphepoyi idutse?"

"Kwathu? Ndinachokako ndili mnyamata kudzakwatira mayi ako. Amene ankandidziwa kumeneko onse anagona. Mitengo iyi ndinabzala ndine, pulothi ya mpunga kusikimu ndinaswa mphanje ndine, mayi ako ali kumanda konkuno. Ndikathawa ndiye kuti ndavomera. Ndikhala pompano, andione ndikudya, ndikutsokomola, ndikupita kuchimbudzi. Atopa okha."

Sanatope. Lamulungu a Luciano anavala jekete lawo n'kupita kutchalitchi. Atakhala pabenchi, anthu anayamba kusuntha mmodzimmodzi, wina ngati wafuna mphepo ya pazenera, wina ngati waitanidwa panja, mpaka benchi yonse inatsala yawo. Akatekisi anadzudzula za mphekesera polalikira, anthu anavomera ndi mitu, koma potuluka aliyense anadzera khomo lina. Mirriam anaziona zonsezo ali kumbali ya amayi, ndipo mtima unamuwawa kwambiri moti nyimbo yotsekera sanaimbe nawo.

Mawa lake anapita kwa a Kaliati, mkulu wa adzukulu. Anawapeza akukhoma mpini wa khasu. Anagwada chapatali, anapereka moni, n'kufotokoza chimene anadzera.

A Kaliati anapumira m'mwamba.

"Mwana wanga, mlandu uwu nafenso tili nawo. Kale khasu silinkagwira dothi tisanatume anthu awiri kukaona nkhope. Akabwera ankauza eni mbumba, eni mbumba ankauza amfumu, ndiye mnyamata ankakwera pachulu kulengeza. Uthenga unkayenda ndi miyendo, ndipo ukapezeka wabodza tinkadziwa khomo lokagogoda. Lero foni ikangolira, makasu ali kale paphewa. Chithunzi chija tinachiona tonse. Ine ndemwe ndinachiona pa foni ya mdzukulu wanga, ndinati zoona, bulangete ndi lomwelo la kuchipatala."

"Ndiye auzeni anthu, agogo. Inu amakumverani."

"Ndawauza. Akundifunsa kuti, 'Inu kuchipatala munaliko?' Ndiyankhe chiyani? Amene akuti anagwira mapazi ndi mwamuna wako. Mawu anatuluka m'kamwa mwake, abwerere momwemo." Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Ndipo afulumire. Anyamata anga ayamba kunong'onezana kuti dzenje lija silinakhute ndi nthochi, likufuna munthu. Mawu oterewa sindiwakonda."

Mirriam anabwerera kunyumba. Iye pa gulupu panalibepo, kafoni kake kanali ka mabatani. Anthu amakamba za bambo ake usana wonse m'chipinda chimene iye analibe khomo lolowera. Madzulo a tsikulo Oscar atalowa kubafa anasiya foni pawindo, isanazime. Mirriam anaitola, anadina pamene ankaona mwamuna wake akudina, n'kuyankhula mothamanga.

"Ndine Mirriam, mwana wa a Luciano. Bambo anga sanafe ayi. Ndinali nawo ine tsiku lonse. Anangowasintha chipinda. Amene munamuona pachithunzi ndi munthu wina, mwini wake anamutenga abale ake. Chonde, abale anga, lekani."

Mayankho anabwera asanaike n'komwe foni pansi. Wina analemba kuti mwana sangaulule za bambo ake. Wina anati, nanga adimini amene anagwira mapazi akunama? Oscar anatuluka kubafa thovu lili m'khutu, analanda foni, anawerenga, n'kufufuta voisi ija.

"Mwandichititsa manyazi pamaso pa anthu."

"Mwaifufuta?"

"Foni iyi ndi yanga. Mukafuna kuyankhula mugule yanu."

Sabata imeneyo sanayankhulane. Mirriam ankaphika, n'kumuikira chakudya pampando. Kumunda ankalima mizere iwiri n'kuima, khutu lili kumudzi. Njinga yamoto ikadutsa mothamanga, ankatembenuka msanga ngati wamva mfuu.

Panali munthu mmodzi yekha m'mudzimo amene sankawaopa a Luciano. Anali Pempho, kamtsikana koyamba kumene kulumikiza mawu, mwana wa Chrissie. Chrissie ndi Mirriam anali ana a munthu ndi mng'ono wake, anakulira m'bwalo limodzi, kudyera mbale imodzi. Pempho za mizukwa sankazidziwa. Ankadziwa mango basi. Tsiku lina anazemba amayi ake, anafika pansi pa mtengo n'kutambasula dzanja. A Luciano anasangalala ngati alandira mlendo wochokera kutali. Anasankha bango lakupsa bwino, analitsuka, analisenda ndi kampeni, n'kumamudyetsa kachidutswakachidutswa, madzi ake akuyenderera pachibwano cha mwanayo. Wina wodutsa pamsewu anaimika njinga n'kujambula.

Patangopita masiku, Pempho anatentha thupi. Anali malungo, omwe aja amatenga ana kuchigwa kuno chaka ndi chaka mvula ikamayandikira. Anachedwa naye kunyumba poyesa timapiritsi ta pagolosale, ndipo pofika naye kuchipatala mwana anali atakomoka kale. Anamwalira mawa lake.

Mtembo usanafike n'komwe kumudzi, chithunzi cha bango chija chinali chitazungulira mafoni onse. Pambuyo pake panabwera voisi ya mayi wina amene palibe anamudziwa dzina, woyankhula mofatsa ngati wopemphera: "Abale anga, ndamva kwa munthu wodalirika. Mdala ameneyu kumanda anakabwererako posinthanitsa. Anapereka mwana kuti iye atsale. Ndipo akuti sanathe, afunika ana atatu. Tumizani kwa ena kuti makolo asamale."

Voisi imeneyi Mirriam anaimvera kumpanda, ikulira pa foni ya neba. Analowa m'nyumba, anapeza Oscar atakhala pabedi, nkhope itatuwa. M'moyo wawo wonse wa banja Mirriam anali asanamugwadirepo mwamuna wake pomupempha kanthu. Tsiku limenelo anagwada.

"Bambo a Rachel, ndakupembedzani. Zokangana zija tizisiye. Tengani foniyo munene zoona. Mukapanda kutero awapha bambo."

"Mukuganiza kuti sindikuona?" anatero Oscar. "Ndikanena lero, adzati ndine amene ndinakumbitsa dzenje limene ladya mwana. Miyala imeneyo igwera ine. Ndine wobwera pano, mayi a Rachel, ndilibe mbale m'mudzi muno."

"Bambonso ndi obwera."

"Ndinena. Maliro akangotha, mitima ikatsika, ndinena."

"Mitima itsika liti? Mwakhala mukudikira kuti zizizire, onani mmene zafikira."

Oscar anangogwira mutu. Foni inali kulira pabedi mosalekeza, iye osaiyang'ana.

Mirriam anathamangira kwa bambo ake kukawapempha kuti akabisale kumishoni. Anawapeza atavala jekete, akufuna kupita kukakhuza maliro.

"Mwana amene uja ndi mdzukulu wanga," anatero. "Ndisapite bwanji?"

"Simupita, bambo. Ngakhale mundimenye, simupita."

Anakangana mpaka mkuluyo anagonja, koma za kumishoni anakanitsitsa. Anavula jekete, analipachika pamsomali, n'kukhala pakhonde manja ali pamaondo. Mirriam naye sanapite kumanda. Anatumiza Rachel kwa aphunzitsi ake kutsidya kwa msewu, iye n'kumazungulira bwalo, kulowa m'khitchini, kutuluka, kusuzumira kunjira.

Dzuwa litapendeka anamva phokoso. Mwamwambo anthu ochokera kumanda amabwera mwakachetechete, m'timagulu, kukasamba m'manja kusiwa. Koma awa ankabwera pamodzi, mothamanga, fumbi lili koboo. Patsogolo panali anyamata, ena makasu a kumanda akadali m'manja. Pakati pawo amayi awiri anagwirizira Chrissie, duku litagwa, maso atatupa.

"Mirriam," anatero Chrissie ndi mawu osasa, "mwana wanga ali kuti? Afunse bambo ako andiuze kumene amuika."

"Chrissie, m'bale wanga, anali malungo. Iwe wemwe unali naye kuchipatala, anakuuza."

"Anadya bango lawo. Aliyense waona."

A Luciano anaimirira atagwira nsanamira. "Mwana amene uja ndinkamukonda," anatero, koma mawu awo anamira m'phokoso.

A Kaliati anadzipanikiza kudutsa m'gulumo, akupuma movutikira, n'kuima pakati pa anthu ndi khonde. Anakweza dzanja.

"Taimani. Nkhani yonseyi inayamba ndi munthu mmodzi, ndipo ali pompano. Oscar, bwera kuno."

Anthu anapatuka. Oscar anali kumbuyo, pafupi ndi nkhokwe. Anamukankhira kutsogolo.

"Yankha pamaso pa mudzi," anatero a Kaliati. "Kuchipatala kuja, apongozi akowa unawaona nkhope? Unawagwiradi mapazi? Nena zoona, palibe akukhudze."

Mirriam anamuyang'ana mwamuna wake m'maso, milomo yake ikuyenda popanda mawu. Oscar anayang'ana mkazi wake, anayang'ana apongozi ake, kenako anayang'ana manja a anyamata aja. Ena anali atatola kale zidutswa za njerwa.

"Ine," anatero Oscar, "ine ndinawaona atafa."

Njerwa yoyamba inamenya chitseko. Yachiwiri inawapeza a Luciano pamwamba pa khutu, ndipo anagwa ngati thumba. Mirriam anadziponya pamwamba pawo, anawaphimba mutu ndi chifuwa chake, miyala ikumugwera kumsana. Anamva a Kaliati akukuwa mayina a anyamata mmodzimmodzi, kuwatchula ndi mayina a amayi awo. Anamva fungo la udzu wa denga la bambo ake ukupsa. Atatembenuza nkhope kuti apume, anaona chinthu chimene sadzachiiwala: kumbuyo kwa ogenda kunali mzere wa anthu ataimika manja m'mwamba, mafoni ali m'manja, akusuntha pang'onopang'ono kuti moto uoneke bwino. Ena mwa iwo anawaphikirapo pa ukwati wawo.

Apolisi anafika denga litagwa kale. Anatenga anyamata angapo, ndipo a Luciano anawanyamula pagalimoto yomweyo kubwerera nawo ku Mua.

Mirriam asanakwere, anapita kunyumba kwake magazi akuyenderera m'khosi. Anatulutsa chikwama cha Oscar, nsapato zake ndi mawaya ake otchajira, n'kuziika pabwalo. Oscar anayamba kuti, "Mayi a Rachel, mumvetse, akanandipha," koma Mirriam anangomudutsa ngati akudutsa chitsa. Tsiku lomwelo Oscar anapita kwa mbale wake ku Mtakataka.

A Luciano anakhala m'chipatala masiku angapo, akutsegula maso n'kutsekanso. Ulendo uno Mirriam sanachoke pambali pa bedi, ngakhale kukaphika. Ankadya zimene magadiyani anzake amugawira. Tsiku lina m'mawa mkuluyo anamugwira dzanja.

"Mwanawe, ukawauze bwinobwino ulendo uno. Asakavutikenso pachabe."

Anatsirizika dzuwa lisanakwere. Mirriam anawatseka maso ndi dzanja lake, anawayang'ana nkhope nthawi yaitali, n'kuwafunditsa yekha.

Akatekisi anabwera, anapepesa, n'kulonjeza kuti apeza galimoto ndipo abwera ndi mtembo mawa lake masana. Mirriam anatsogola kukakonza za kumudzi. Pa depoti, mtsikana wina wa m'mudzi mwawo wogulitsa mandasi anamuonetsa foni mwamanyazi. Oscar anali atamva, ndipo pofuna kuoneka wothandiza anali ataponya kale pa gulupu: "A Luciano amwalira lero m'mawa. Uwu ndi uthenga woona." Pansi pake panali tinkhope toseka tambirimbiri. Wina analemba kuti, "Kachiwiri?" Wina anati, "Tidikire kaye, mwina adzukanso." Wina anati ana awo ali m'chitolokosi chifukwa cha mdala ameneyo, akadziike yekha monga anadzidzutsira yekha.

Mirriam anabweza foni. Atafika kumudzi sanalowe m'nyumba. Anayenda khomo ndi khomo, kwa eni mbumba, kwa amfumu, kwa amayi a mumphakati, kugwada pabwalo lililonse n'kunena mawu omwewo: bambo anga atisiya, ndawatseka maso ndine. Ena anapepesa chapansipansi ali m'kati mwa nyumba. Ena anatseka chitseko. Amfumu anapereka malo kumanda, n'kunena kuti za makasu akaonane ndi adzukulu. Pamsewu palibe anaika masamba, choncho anathyola yekha nthambi za mango aja n'kuziika.

Kwa a Kaliati anafika dzuwa likulowa. Mkuluyo anamumvetsera mpaka kumapeto, maso ali pansi.

"Ndawaitana anyamata," anatero. "Akana. Akuti munthu ameneyu anamukumbira kale, sakumba kawiri. Ena akuopa apolisi, ena akuopa anzawo. Ndawanyengerera, ndawatukwana, palibe wasuntha."

"Mtembo ukubwera mawa masana, agogo."

"Ndamva, mwana wanga. Pita ukagone."

Sanagone. Kutangoyera anamva kugunda kwa khasu kuchokera kumsitu wa kumanda, khasu limodzi lokha, logunda n'kupuma, kugunda n'kupuma. Anamanga chitenje n'kulondola phokosolo.

Anawapeza a Kaliati ali okha m'dzenje losafika n'komwe m'maondo. Dothi la chilimwe linali gwa, khasu limangodumpha. Malaya a mkuluyo anali atanyowa, ndipo dzuwa linali litayamba kale kuwawula masamba. Mirriam anaima m'mphepete, anayang'ana dzenjelo, anayang'ana kumwamba. Anakokera chitenje m'mwamba, anachimangitsa m'chiuno, n'kutsikiramo.

"Iwe, tuluka," anatero a Kaliati akupuma mwabefu. "Mkazi salowa m'dzenje. Chiyambire sizinachitikepo."

"Nanga alowe ndani, agogo?"

A Kaliati anatembenuka kuyang'ana kanjira kochokera kumudzi. Anakayang'ana nthawi yaitali. Kunalibe munthu. Anapukuta thukuta ndi mkono, n'kumupatsa khasu.